Opaleshoni Yowongola Khoma la Pakati pa Mphuno ndi Kuundana kwa Magazi: Mafunso ndi Mayankho

Anthu amene dokotala wawauza kuti akufunika opaleshoni yowongola khoma la pakati pa mphuno amafunsa mafunso ofanana, makamaka akalandira pepala la ku labotale lodzaza ndi zilembo monga PT, aPTT, INR ndi MPV. Ena amaopa kutaya magazi ambiri, ena amaopa kuti magazi awaundana m'mitsempha. Mayankho ali m'munsiwa salowa m'malo mwa dokotala amene wakuonani maso ndi maso, koma angakuthandizeni kumufunsa mafunso oyenera.

Kodi khoma la pakati pa mphuno n'chiyani, ndipo limapindika bwanji?

Ndi kakhoma kamene kamagawa mphuno kuti ikhale ndi mabowo awiri. Kutsogolo ndi chicherewechere chofewa chimene mungachigwire ndi zala. Kumbuyo, komwe sikuoneka, kuli mafupa opyapyala awiri, lotchedwa vomer ndi mbali ina ya fupa la ethmoid. Mbali zonse ziwiri za khomali n'zokutidwa ndi kachikopa konyowa kodzaza ndi timitsempha ta magazi.

Anthu amene khoma lawo ndi lowongoka ndendende ndi ochepa. Kwa ena linapindika nkhope ikukula, kwa ena linapindika atagwa kapena atamenyedwa pamphuno, ndipo ambiri sadziwa n'komwe chifukwa amapuma bwinobwino. Vuto limayamba pamene kupindikako kwatseka njira ya mpweya, munthu n'kumapumira pakamwa, kuliza mkonono usiku, kapena kutuluka kamfuno kawirikawiri chifukwa mphepo imawumitsa mbali imene yatulukira kunja.

Nanga opaleshoniyi imachitika bwanji, ndipo magazi amatayika ochuluka?

Dzina lake kuchipatala ndi septoplasty. Dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi amadzera m'bowo la mphuno, ndiye kunja sikukhala chipsera. Amatukula kachikopa kaja, n'kuwongola kapena kuchotsa tizidutswa ta chicherewechere ndi fupa topindika, kenako n'kubwezeretsa kachikopako pamalo pake. Nthawi zambiri zimatenga pakati pa mphindi 30 ndi 90, munthu ali mtulo ta mankhwala kapena atangomuchititsa dzanzi pamphuno, ndipo ambiri amapita kunyumba tsiku lomwelo. Njira imeneyi inachokera pa ntchito ya Otto Freer wa ku Chicago ndi Gustav Killian wa ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Iwo ankachotsa chicherewechere chambiri, pamene madokotala a masiku ano amayesetsa kusunga chochuluka momwe angathere.

Mphuno ndi malo amagazi. Kutsogolo kwa khomali kuli pamene timitsempha tambiri timakumana, potchedwa malo a Kiesselbach, ndipo kamfuno kambiri kamachokera pomwepo. N'chifukwa chake dokotala amayamba wabaya mankhwala a dzanzi osakaniza ndi adrenaline kuti timitsemphato tifinyike. Magazi amene amatayika amakhala ochepa, ndipo kuikidwa magazi pa opaleshoni yotereyi n'chinthu chosowa kwambiri.

Kodi zizindikiro za kuundana kwa magazi zimene amayeza ku labotale n'ziti?

Kuti mumvetse manambalawo, yambani mwaona zimene zimachitika mtsempha ukang'ambika. Choyamba tizigawo ta magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pabalapo n'kumatana. Kenako mapuloteni angapo a m'magazi amadzutsana, wina kudzutsa mnzake, mpaka puloteni yotchedwa fibrinogen itasanduka ulusi umene umalukana n'kumanga chotsekacho kuti chilimbe. Bala likamapola, thupi limasungunula ulusiwo pang'onopang'ono. Kuyeza kulikonse kumayang'ana gawo limodzi la ulendo umenewu.

Chiwerengero cha mapulateleti mwa munthu wabwinobwino chimakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa microlitre imodzi ya magazi. MPV ndi kukula kwa mapulateletiwo, ndipo kawirikawiri amakhala pakati pa 7 ndi 12 fL (fL ndi muyeso wa kukula kwa tinthu ting'onoting'ono kwambiri). Mapulateleti aakulu amakhala atsopano, ndipo amamatana msanga kuposa ang'onoang'ono. PT ndi aPTT ndi masekondi amene magazi amatenga kuti aundane m'kabotolo: PT amakhala pafupifupi masekondi 11 mpaka 14, aPTT pafupifupi 25 mpaka 35. INR ndi PT yemweyo atawerengedwa m'njira yoti malabotale osiyanasiyana azimvana, ndipo mwa munthu wosamwa mankhwala ochepetsa kuundana amakhala cha pa 1. Fibrinogen amakhala pakati pa magalamu 2 ndi 4 pa lita. D-dimer ndi zidutswa zotsala ulusi uja ukasungunuka, ndipo malabotale ambiri amaika malire ake pa 500 ng/mL.

Malire amenewa amasiyana pang'ono malinga ndi makina ndi mankhwala amene labotale ikugwiritsa ntchito. Muzifananitsa zotsatira zanu ndi malire olembedwa papepala lanu lomwelo, osati a pa intaneti.

Kodi mphuno yotsekeka ingasinthe bwanji magazi munthu asanachitidwe n'komwe opaleshoni?

Maganizo a ofufuza ndi akuti munthu amene wakhala zaka akupuma movutikira, makamaka usiku, thupi lake limalandira okosijeni wochepera pang'ono mobwerezabwereza. Thupi likamva kuchepako limatulutsa mahomoni a nthawi ya ngozi, mitsempha imakhala ngati yotupa pang'ono m'kati, ndipo mafuta a m'mafupa amatulutsa mapulateleti aakulu ndi achangu. Zimenezi zinaoneka bwino mwa anthu odwala matenda obanika kutulo, amene mpweya wawo umaduka kambirimbiri usiku umodzi. Mwa iwo fibrinogen amapezeka wokwera, mapulateleti amakhala achangu, ndipo matenda a mtima ndi sitiroko amawagwira kwambiri.

Koma apa tisasakanize zinthu. Khoma lopindika si matenda obanika kutulo. Lingathandizire kubanikako, koma munthu amene mphuno yake yatsekeka amatsegula pakamwa n'kupuma, ndipo ambiri okosijeni wawo amakhala wokwanira. Choncho ngati kusintha kwa magazi kulipo, kumakhala kochepa, ndipo kumaoneka kwambiri mwa amene khoma lawo linapindika kwabasi.

Kodi chimachitika n'chiyani m'magazi pa masiku oyamba opaleshoni itachitika?

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzidzimuka pachabe. Kwa thupi, opaleshoni ndi bala, ngakhale dokotala atalicheka mosamala chotani. Chiwindi chimayamba kupanga mapuloteni okonzera bala, ndiye fibrinogen amakwera pa masiku angapo oyamba, pamodzi ndi CRP (puloteni yosonyeza kutupa m'thupi), amene amafika pachimake patapita masiku awiri kapena atatu. D-dimer nayenso amakwera, chifukwa m'mphuno muli magazi oundana amene thupi likumanga ndi kusungunula nthawi imodzi. Mapulateleti angatsike pang'ono poyamba kenako n'kukwera. PT, INR ndi aPTT nthawi zambiri sasuntha kwenikweni, popeza magazi otayika ndi ochepa ndipo mapuloteni oundanitsa sathera pabala laling'ono chotere.

Mwachidule, kwa kanthawi magazi amapendekera ku mbali ya kuundana. Zimenezi zimachitika pa opaleshoni iliyonse, ndipo kukula kwake kumatsatira kukula kwa bala. Poyerekeza ndi opaleshoni ya m'chiuno kapena ya m'mimba, ya mphuno imasuntha manambalawa pang'ono, ndipo amabwerera m'malo mwake pa masabata ochepa.

Nanga pakapita miyezi, zizindikirozi zimakhala bwino kuposa kale?

Pali kafukufuku amene anachitika makamaka m'zipatala za ku Turkey kuyambira cha m'ma 2012, amene anayeza magazi a anthu a khoma lopindika kwambiri asanachitidwe opaleshoni, n'kuwayezanso patapita miyezi. Ena mwa ofufuzawo anapeza kuti MPV anali wokwererapo mwa odwalawo kuposa mwa anthu opuma bwino, ndipo anatsika mphuno itatseguka. Anatanthauzira kuti mpweya ukamalowa bwino, mapulateleti amaleka kukhala tcheru nthawi zonse.

Zotsatirazi n'zosangalatsa ndipo zikumveka, koma tiyenera kuziona pa msinkhu wake. Kafukufuku wotereyu anali wa anthu ochepa, kawirikawiri a m'chipatala chimodzi. Kutsika kwa MPV kunali kochepa, ndipo nthawi zambiri manambala onse awiri, akale ndi atsopano, anali m'kati mwa malire abwinobwino. Chachikulu kwambiri n'chakuti ofufuzawo ankayeza manambala a mu labotale, osati kuwerenga anthu amene anadwala mtima kapena sitiroko patapita zaka. Nambala kusuntha ndi nkhani ina, munthu kupulumuka ku matenda ndi nkhani inanso.

Ndiye ngati MPV wanga ndi wokwera, ndichitidwe opaleshoniyi kuti atsike?

Ayi. Chifukwa chochitira septoplasty ndi mphuno yotsekeka imene ikukusowetsani mtendere ndipo mankhwala opopera m'mphuno alephera, kapena kamfuno kosatha kochokera pamalo opindika, kapena pamene dokotala akufuna njira yofikira m'timapanga ta m'mbali mwa mphuno. Palibe dokotala wosamala amene angakuchekeni pofuna kukonza nambala ya papepala. Ngati mukuda nkhawa ndi mtima ndi mitsempha yanu, kusiya fodya, kuchepetsa thupi, ndi kusamala shuga ndi BP n'zimene zili ndi umboni wolimba. Ngati mumaliza mkonono kwambiri ndipo mnzanu wogona naye amakuonani mukubanika, pemphani kuyezedwa tulo, chifukwa kuwongola mphuno kokha kawirikawiri sikuchiza matenda amenewo.

N'chifukwa chiyani madokotala ena saupatsa MPV ulemu?

Chifukwa amasinthasintha ndi zinthu zosakhudzana ndi wodwala. Magazi akakhala nthawi m'kabotolo kokhala ndi mankhwala a EDTA oletsa magaziwo kuundana, mapulateleti amafufuma, ndiye magazi omwewo akayezedwa patapita mphindi 15 ndi patapita maola awiri angapereke manambala osiyana. Makina a makampani osiyana amayezanso mosiyana. Komanso kusuta, shuga ndi kunenepa kwambiri zonse zimamukweza. Kusiyana kochepa kumene kwatchulidwa pa funso la miyezi lija kungabisale mosavuta m'zinthu zimenezi.

Kodi aliyense ayenera kuyezetsa PT ndi aPTT asanalowe m'chipinda cha opaleshoni?

Zipatala zambiri zimayeza aliyense mwachizolowezi, koma malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2016 amati kuyeza kumeneku kusamachitike kwa wina aliyense popanda chifukwa. Amati kuganiziridwe mwa anthu ena, monga a matenda a chiwindi okhalitsa. Chifukwa chake n'chakuti mwa munthu wathanzi, PT ndi aPTT salosera bwino amene adzataye magazi. Nthawi zina amatuluka olakwika popanda vuto lenileni, opaleshoni n'kuimitsidwa pachabe, ndipo nthawi zina amatuluka abwino mwa munthu amene ali ndi vuto.

Chimene chimathandiza koposa ndi mbiri yanu, ndipo pano ndikupemphani kuti musabise kanthu. Kodi munazulitsapo dzino magazi n'kukana kusiya? Kodi thupi lanu limachita mikwingwirima yakuda popanda kugunda paliponse? Kwa amayi, kodi msambo wanu umakhala wochuluka mpaka kukuchepetsani magazi, kapena munataya magazi ambiri pobereka? Kodi m'banja mwanu muli wina wa vuto lotere? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amauza dokotala ngati pakufunika kuyeza mozama.

Ndimatuluka kamfuno pafupipafupi koma PT ndi aPTT zili bwino. Kodi ndiye kuti vuto ndi khoma lokha?

Mwina, koma osati nthawi zonse. Matenda otaya magazi ochokera kumtundu amene amapezeka kwambiri ndi a von Willebrand, otchedwa dzina la dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, amene anawafotokoza mu 1926. Amagwira amuna ndi akazi omwe, ndipo chizindikiro chake chodziwika ndi kamfuno, kutuluka magazi m'nkhama ndi msambo wochuluka. Mwa anthu ambiri amene ali nawo pang'ono, PT amakhala bwino ndipo aPTT angakhalenso bwino. Amafunika kuyeza kwapadera. Chimodzimodzi ndi mavuto a kagwiridwe ntchito ka mapulateleti: chiwerengero chingakhale chokwanira koma iwo osamatana bwino.

Hemophilia, nthenda ina yotaya magazi yochokera kumtundu, ndi yosiyana, chifukwa kawirikawiri imatalikitsa aPTT. Anthu a matenda onsewa angathe kuchitidwa opaleshoni ya mphuno, bola zidziwike pasadakhale kuti dokotala wa magazi akonze mankhwala.

Ndimamwa asipulini kapena warfarin. Ndisiye liti?

Musasiye nokha. Funso limeneli liyankhidwe ndi dokotala wa mphuno pamodzi ndi amene anakulemberani mankhwalawo, chifukwa kwa munthu amene anaikidwa kachubu kotsegula mtsempha wa mtima kapena valavu yachitsulo, kusiya mankhwala kungakhale koopsa kuposa kamfuno. Nthawi zina chanzeru n'kudikira kaye, popeza opaleshoniyi si yamwadzidzidzi.

Masiku amene madokotala amatchula ali ndi chifukwa chake. Asipulini amafooketsa pulateleti kwa moyo wake wonse, ndipo pulateleti amakhala masiku 7 mpaka 10, ndiye pamafunika pafupifupi sabata kuti atsopano achuluke. Clopidogrel, amene nayenso amafooketsa mapulateleti, amasiyidwa masiku 5 mpaka 7. Warfarin, amene amachepetsa kuundana kwa magazi, amasiyidwa pafupifupi masiku 5, ndipo INR amayezedwa kuti aone ngati watsika kuchoka pa 2 mpaka 3 pamene amasungidwa mwa ambiri omwa mankhwalawa. Rivaroxaban ndi apixaban, mankhwala enanso ochepetsa kuundana, amachoka m'thupi msanga, kawirikawiri tsiku limodzi mpaka atatu malinga ndi mphamvu ya impso. Dziwani kuti asipulini ndi clopidogrel saoneka pa PT kapena aPTT, ndiye pepala labwino silitanthauza kuti mankhwalawo atha m'thupi. Tchulaninso mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, komanso azitsamba ndi owonjezera mphamvu monga ginkgo, ngakhale mutawaona ngati si mankhwala enieni.

Dokotala wanena za tranexamic acid. Kodi sangandiundanitse magazi?

Mankhwalawa anapangidwa ku Japan ndi Shosuke ndi Utako Okamoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Sapanga magazi oundana atsopano. Ntchito yake n'kuchedwetsa kusungunuka kwa amene aundana kale pabala. Pa opaleshoni za mphuno amachepetsa kutaya magazi ndipo dokotala amaona bwino pamene akugwira ntchito. Sasintha PT kapena aPTT kwenikweni. Kwa anthu ambiri ndi otetezeka, koma ngati magazi anakuundanaponi m'mwendo kapena m'mapapo, muli ndi khunyu, kapena impso zanu n'zofooka, nenani asanakupatseni.

Kodi chiopsezo choti magazi aundane m'miyendo kapena m'mapapo n'chachikulu bwanji?

N'chochepa kwambiri pa opaleshoni imeneyi. Zinthu zitatu zimene zimachititsa magazi kuundana m'mitsempha zimadziwika ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany wa zaka za m'ma 1800: magazi kuyenda pang'onopang'ono, mtsempha kuvulala, ndi magazi kukhala ofulumira kuundana. Pa septoplasty chachitatucho chimakhalapo pang'ono kwa kanthawi, monga tafotokozera pa funso la masiku oyamba, koma choyambacho sichikhalapo kwenikweni chifukwa opaleshoni ndi yaifupi ndipo munthu amadzuka n'kuyenda tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ambiri sapatsidwa jakisoni wa heparin wochepetsa kuundana kwa magazi, amene akanangowonjezera kamfuno.

Nkhani imasintha kwa amene magazi anawaundanapo kale, odwala khansa, onenepa kwambiri, okalamba osayendayenda, a matenda a sickle cell, ndi amayi omwa mapiritsi olerera kapena mankhwala ena okhala ndi estrogen. Madokotala ena amawerengera chiopsezochi pogwiritsa ntchito ndandanda ya Caprini. Za mapiritsi olerera, pa opaleshoni zikuluzikulu amalangiza kusiya masabata 4 pasadakhale, koma pa yaifupi ngati iyi nthawi zambiri sizifunika. Funsani musanasiye, kuopa kutenga mimba yosakonzekera.

Ndayezetsa D-dimer patatha sabata imodzi ndipo wakwera. Kodi ndili pangozi?

Nambala yokhayo siyankha funso limeneli. D-dimer ndi wothandiza akakhala wotsika, chifukwa amathandiza dokotala kunena kuti mwina mulibe magazi oundana m'mitsempha. Akakwera sanena komwe kwachokera: bala la opaleshoni, matenda, mimba, ngakhale ukalamba zonse zimamukweza. Mwa munthu amene wangochitidwa opaleshoni, kukwerako n'koyembekezereka, ndipo n'chifukwa chake madokotala sakonda kumuyeza pa nthawi imeneyi popanda chifukwa.

Chofunika ndi zimene thupi lanu likunena. Mwendo umodzi kutupa, katumba kupweteka ndi kutentha, kubanika mwadzidzidzi ngakhale mukupumira pakamwa, kupweteka pachifuwa mukamakoka mpweya, mtima kuthamanga, kapena kukomoka: zikatero thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Kumeneko adzaunika mwendo kapena mapapo ndi makina, osadalira D-dimer.

Kodi zotsekera zimene amaika m'mphuno zili ndi ntchito yanji pa nkhani ya magazi?

Kachikopa kaja kakabwezeretsedwa, pansi pake pamatsala mpata umene magazi angadzazemo. Pofuna kupewa zimenezi, madokotala ena amaika zotsekera zofewa kapena timapepala ta silikoni kwa masiku angapo, ena amasoka mbali ziwirizo pamodzi ndi ulusi wosungunuka wokha.

Magazi akaunjikana pamenepo, vutolo ndi lofunika changu. Chicherewechere chilibe mitsempha yakeyake, chimadya kuchokera ku kachikopa kamene kachikuta. Magazi akazilekanitsa, chicherewecherecho chingafe pa masiku ochepa, pangachite mafinya, ndipo msana wa mphuno ungaphwe n'kulowa m'kati. Zizindikiro zake ndi mphuno kutsekeka kotheratu mbali zonse ziwiri mochita kuwonjezereka, ululu wokulirakulira, ndi kutentha thupi. Dokotala amangoboola n'kutulutsa magaziwo, ndipo zikachitika msanga mphuno imapulumuka. Anthu omwa mankhwala ochepetsa kuundana, ndi aja a mavuto otchulidwa pa funso la kamfuno, ayenera kukhala tcheru kwambiri ndi zimenezi.

Ndili kunyumba ndipo magazi akudontha. Ndi ati abwinobwino, ndi ati oopsa?

Timadzi tofiirira todontha pang'onopang'ono pa masiku awiri kapena atatu oyamba n'tabwinobwino. Gonani mutu uli pamwamba, musamine kwa sabata imodzi kapena ziwiri monga dokotala wanenera, yetsemulani pakamwa potsegula, ndipo pewani kunyamula zolemera ndi masewera olimba kwa masabata pafupifupi awiri. Pa ululu imwani paracetamol kapena amene mwalemberedwa, osati asipulini.

Magazi ofiira akayamba kuyenderera, khalani tsonga, weramirani kutsogolo pang'ono, ndipo lavulani amene akutsikira kukhosi m'malo mowameza. Akapitirira mphindi 10 mpaka 15 osaleka, kapena mukumva chizungulire, bwererani kuchipatala. Musazule zotsekera nokha.

Ngati ndikufuna kuyezetsanso magazi, ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Munthu wathanzi amene akuchira bwino safunika kuyezanso zizindikirozi. Amene amamwa warfarin ndi wosiyana: INR wake ayezedwe pa masiku amene dokotala wanena akangoyambiranso mankhwala, makamaka ngati wapatsidwanso mankhwala opha tizilombo, chifukwa ena mwa iwo amakweza INR.

Ngati pali chifukwa china choyezera fibrinogen, D-dimer kapena MPV kuti mudziwe mmene magazi anu alili pa nthawi ya mtendere, dikirani mpaka bala litapola ndi kutupa kutatha, zimene zimatenga mwezi umodzi kapena kuposerapo. Kuyeza matenda a von Willebrand nakonso kumasokonezeka ndi opaleshoni, chifukwa puloteni yake imakwera thupi likavulala ndipo vuto lingabisike. Yezetsani ku labotale yomwe munayezetsa poyamba, ndipo tengani pepala lakale kuti dokotala afananitse.